Mpando wa Kutsogolo

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

Ino ndi pulogalamu ya zamaphunziro, ndipo nkhani ya lero ikuyambira pa bolodi.

Belu la m'mawa lalira pa sukulu ina ya pulayimale kumudzi. Ana a Sitandade 3 akuphangirana khomo, pakuti madesiki ndi ochepa ndipo wamphamvu ndiye amapeza malo abwino. Mtsikana wina wachialubino walowa pambuyo pa onse, chifukwa amayi ake samulola kuyenda yekha m'njira. Amayamba wadikira anzake a m'mudzi. Malo amene atsala ndi kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera pamene dzuwa likulowera. Aphunzitsi alemba masamu pa bolodi lakale losuluka, moti choko chikungooneka ngati phulusa pa mwala. Mtsikana uja wafinya maso, wapendeketsa mutu, koma manambala sakuoneka. Pamene belu la buleki likulira, kope lake likadali loyera. Teremu ikatha, aphunzitsi adzalemba pa lipoti lake kuti mwanayu ndi waulesi, ndipo kunyumba adzakhulupirira.

Mtsikanayu ndi wongoyerekezera, n'chifukwa chake alibe dzina. Koma aphunzitsi ambiri amene akumvera amuzindikira, ena mwina adamuphunzitsapo. Palibe amene wamutukwana m'mawa umenewu, palibe amene wamumenya. Wangotalikirana ndi bolodi mamita angapo, ndipo mamita amenewo ndi okwanira kumubwerezetsa kalasi kawiri mpaka asiye sukulu.

Chialubino ndi chibadwa, ndipo sichipatsirana. Thupi la munthu limapanga utoto wotchedwa melanini, umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Munthu wachialubino thupi lake limapanga utotowu wochepa kwambiri, kapena silipanga n'komwe. Anthu amangoona khungu, osadziwa kuti diso nalo limafuna melanini kuti likule bwino. N'chifukwa chake pafupifupi munthu aliyense wachialubino amaona movutikira, maso ake amagwedera uku ndi uku, ndipo kuwala kukachuluka kumamuthobwa. Mandala amathandiza, koma samaliza vuto lonse.

Nanga mwana wotere amachokera kuti pamene bambo ndi mayi onse ndi akuda? Amachokera kwa onse awiri. Mbewu ya chialubino imatha kuyenda mobisala m'mtundu kwa mibadwo yambiri, ndipo imaonekera pokhapokha bambo ndi mayi onse akakhala nayo. Zikatero, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wachialubino. Bambo amene amathawa banja n'kumati mkazi wake adayenda ndi mzungu, amathawa magazi ake omwe. Nayenso mayi woyembekezera amene amalavulira m'malaya akakumana ndi munthu wachialubino, ati kuti asabereke wotere, amangonyowetsa bulauzi pachabe.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Kalembera yemweyo adapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse, ali ndi ulumali wa mtundu wina. Chiwerengerochi chikuphatikiza ndi okalamba omwe, inde, koma palibe ahedi amene angaimirire n'kunena kuti m'dera la sukulu yawo mulibe mwana wotere. Ngati m'kaundula mulibe, ndiye kuti mwanayo ali kunyumba.

Kale yankho linali kumutumiza kutali. Maphunziro a ana osaona adayambitsidwa ndi amishoni cha m'ma 1950, ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Mu 1968 abulazala Achikatolika a chipani cha FIC adayamba kuphunzitsa ana osamva ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene kulinso koleji ya Montfort yomwe imasula aphunzitsi a maphunziro apadera. Sukulu zina za osamva zili ku Mua, ku Embangweni, ku Karonga ndi ku Mountain View m'boma la Thyolo. Sukulu zimenezi zidagwira ntchito yaikulu ndipo zikufunikabe. Mwana wosamva amafuna anzake oyankhula naye chinenero cha manja tsiku lonse, ndipo wosaona amafuna munthu wodziwa kumuphunzitsa Braille, zilembo za timadontho 6 zimene Louis Braille wa ku France adakonza mu 1824 ali mnyamata wa zaka 15. Koma malo m'sukuluzi ndi ochepa, ndipo midzi idatolapo phunziro lina limene amishoniwo sadafune kuphunzitsa, lakuti mwana waulumali ndi nkhani ya ku mishoni, sukulu ya pakhomo pano ilibe naye gawo. Ana ena onse adakula osakhalapo desiki limodzi ndi mnzawo wosaona.

Chaka cha 1994 chidagwedeza zinthu kuchokera mbali ziwiri. M'mwezi wa June, nthumwi za maboma 92 zidakumana mumzinda wa Salamanca ku Spain motsogozedwa ndi UNESCO, n'kugwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, ndi kuti sukulu ndiyo izisintha kuti mwana akwanemo. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ya ku pulayimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'chikhamu chimenecho mudalowanso ana amene makolo sakadawalipirira fizi powaona ngati opanda tsogolo. Khomo lidatseguka ndithu, koma m'katimo adapeza anzawo 100 kapena kuposa, mphunzitsi mmodzi ndi bolodi limodzi.

Malamulo adatsatira. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, Unduna wa Zamaphunziro udatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse mu 2017, ndipo lamulo latsopano la 2024 lidasandutsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Zonsezi n'zofunika, komatu lamulo silidasunthepo desiki. Desiki amasuntha ndi mphunzitsi.

Ndipo zambiri zimene mtsikana uja akufuna sizidya ndalama. Akhale kutsogolo, kutali ndi zenera. Aloledwe kudzuka n'kuyandikira bolodi popanda kupempha. Aphunzitsi alembe zilembo zikuluzikulu, ndipo azitchula mokweza chimene akulemba, zomwe zimapulumutsanso theka la kalasi limene lakhala kumbuyo. Chipewa chake chisavulidwe pakhomo m'dzina la ulemu, pakuti kwa iye chipewa ndi mankhwala, monganso malaya a manja aatali, ngakhale yunifolomu ya pa sukulupo ikhale ya manja aafupi. Dzuwa limapha anthu achialubino ambiri kuposa zigawenga zowasaka: khansa ya pakhungu imawatenga asanakalambe. Choncho kumuimika mwanayo pa asembule dzuwa likuswa mtengo, kapena kumupatsa chibalo cholima m'munda wa sukulu masana, ndi nkhanza ngakhale wolamulayo alibe mtima woipa. Akafika Sitandade 8, ahedi anene msanga polembetsa mayeso kuti ali ndi mwana wosaona bwino. Bungwe la MANEB limakonza mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi a Braille, koma sililota.

Mpando wa kutsogolowu uli ndi msampha wake. Ukaperekedwa mwakachetechete, ana ena amaona kukondera, ndipo pa buleki mtsikana uja amalipira: wasanduka "mwana wa aphunzitsi". Chimene chimawapweteka ana ndi kusauzidwa chifukwa chake. Mphunzitsi wochenjera amayamba wagwirizana ndi mwanayo komanso makolo ake, kenako n'kufotokozera kalasi lonse kamodzi, mosazungulira, mmene maso a mnzawoyo amagwirira ntchito. Mphindi 10 zimakwana. Ana amafunsa mafunso amene akuluakulu amachita nawo manyazi, monga ngati khungulo limapweteka ukalikhudza, ndipo akayankhidwa nkhaniyo imazizira.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano nkhani ya mayina. Mawu akuti napweri ndi mzungudala akutchulidwa pa wailesi pano kamodzi kokha, kuti adziwike kuti ndi chipongwe. Gonthi ndi bububu nawo ndi a m'thumba lomwelo. Mwana sabadwa nawo mawu amenewa. Amawatola pa mjigo, pa chigayo, pa msika, ndipo nthawi zina pakamwa pa aphunzitsi omwe. Mphunzitsi amene amaitana mwana aliyense ndi dzina lake, koma pofika pa mmodzi n'kungoti "iwe wachialubino", waphunzitsa phunziro limene buku la Life Skills silingafute. Amene amamva mwana akunyozedwa iye n'kupitiriza kuchonga makope, nayenso waphunzitsa. Achikulire amene akumvera akukumbukira ana amanzere amene ankagogodedwa zala ndi rula mpaka alembe ndi dzanja lamanja. Lero ambiri amapukusa mutu pokumbukira, koma panthawiyo aliyense ankati ndi mwambo.

Palinso chinthu china chimene chimavala nkhope ya chikondi koma chimapatula mwana ngati chipongwe chomwe, ndicho chisoni. Mwana wolumala mwendo amene sapatsidwa tsache pamene anzake akusesa, amene salangidwa akalakwa, amene amaomberedwa m'manja chifukwa chongofika kusukulu, amadziwa bwino lomwe kuti sakuwerengedwa. Anzake nawo amadziwa. Wachisoni safunsa. Amangogwira munthu wosaona pamkono n'kumuwolotsa msewu umene mwini wake sankafuna kuwoloka. Womva za mnzake amayamba wafunsa kuti, "Ndikuthandize bwanji?", ndipo amavomera yankho ngakhale likhale lakuti, "Ndisiye, nditha."

Kodi kumva za mnzako kumaphunzitsika? Chitsanzo chodziwika bwino chidachokera mumzinda wa Austin ku Texas, m'dziko la America. Mu 1971 sukulu za kumeneko zidayamba kusakaniza ana achizungu, akuda ndi a m'mabanja ochokera ku Mexico, amene kale ankaphunzira padera. Sipadatenge nthawi, ndewu zidabuka. Katswiri wa kaganizidwe ka anthu Elliot Aronson ndi ophunzira ake a ku yunivesite atapita kukaona, adapeza kuti kalasi lenilenilo ndi mpikisano: mphunzitsi afunsa, manja akwera, wodziwa atamandidwa, wolephera asekedwa. Kulalikira za chikondi m'bwalo lotere n'kutaya malovu. Iwo adasintha kagwiridwe ka ntchito. Adagawa ana m'timagulu ta anthu 5 kapena 6 osakanikirana mitundu, phunziro nalo n'kuliduladula, mwana aliyense n'kupatsidwa chidutswa chimene wina aliyense m'kagulumo alibe. Mayeso ankafunsa phunziro lonse. Tsopano mwana amene ankasekedwa chifukwa cha Chingerezi chake chothyokathyoka ndiye adagwira chidutswa chimene anzake ankachifuna, ndipo womuseka ankadzilepheretsa yekha. Anzakewo adaphunzira kudikira, kufunsa modekha ndi kumvetsera. Ofufuzawo adapeza kuti m'makalasi amenewa tsankho lidachepa, ana adayamba kugwirizana, ndipo amene ankatsalira adayamba kukhoza bwino.

Njirayi sifuna magetsi. M'kalasi limene ana asanu amaunjikana pa buku limodzi, mphunzitsi angathe kudula mbiri ya John Chilembwe zidutswa zisanu: ubwana wake, ulendo wa ku America mu 1897, mishoni ya PIM ku Mbombwe, thangata, ndi kuukira kwa January 1915. Mtsikana wachialubino uja akagwira chidutswa cha thangata, anzake amuyandikira okha popanda wowakankha, ndipo iye naye ayenera kuwamvetsera kuti adziwe za ku Mbombwe. Lende n'kukankhana, amatero akuluakulu.

Mayeso aakulu amachitika pa buleki, aphunzitsi ali mu ofesi. Posankhana matimu a mpira wachikulunga kapena fulaye, ndani amatsala ataima yekha? Mphunzitsi amene amasuzumira pa zenera nthawi imeneyi amadziwa zambiri za kalasi lake kuposa zimene makope angamuuze. Phada ndi bawo zimaseweredwa pamthunzi, ndipo mpira womangirira kabotolo ka timiyala m'kati umalira, moti wosaona amautsatira ndi makutu.

Khunyu limaonetsa bwino mmene kusadziwa kumaberekera nkhanza. Ambiri akukhulupirirabe kuti munthu angatenge khunyu pokhudza malovu a wodwala kapena popuma mpweya wake, ndiye mwana akagwa m'kalasi anzake amabalalika, ndipo kumudzi ena amapsa pamoto anthu akungoyang'ana. Khunyu ndi vuto la mu ubongo, silipatsirana, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Kalasi limene lauzidwa chochita limachita: wina asuntha desiki ndi zinthu zovulaza, wina aika juzi pansi pa mutu, palibe womukanikiza kapena womuika supuni mkamwa, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneka chammbali. Kukapitirira mphindi 5, n'kuthamangira kuchipatala. Mwana amene wapatsidwa ntchito yoteteza mutu wa mnzake alibe nthawi yomuseka, ndipo madzulo amakafotokozera agogo ake kunyumba.

Pajatu sukulu ili m'mudzi, ndipo ana amabwerera kumeneko masana aliwonse. Kuyambira kumapeto kwa 2014 dziko lino lidaona kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino, komanso kufukulidwa kwa manda awo, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mu April 2016 Ikponwosa Ero, katswiri wa United Nations pa nkhani za chialubino, yemwe naye ndi wachialubino wochokera ku Nigeria, adayendera Malawi, ndipo chaka chomwecho malamulo adakhwimitsidwa. Makolo ambiri adatsekera ana m'nyumba chifukwa cha mantha, sukulu n'kulekeka. Chopweteka kwambiri n'chakuti m'milandu ingapo imene idafika kukhoti, achibale a wophedwayo adapezeka m'gulu la oimbidwa mlandu. Munthu safika pogulitsa mphwake tsiku limodzi. Amayamba wazolowera kumva anyamata a pa siteji akukuwa kuti "ndalama izo" munthu akamadutsa, popanda wowadzudzula. Nkhani ya mayina ija imakathera kumeneku.

Apa ndi pamene amfumu, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi a pa sukulu amalowerera. Iwowa ndi amene amadziwa khomo limene likubisa mwana wa msinkhu wa sukulu kuseri kwa nyumba, ndipo mawu awo amamveka pamene kalata ya ahedi singafike. Angathe kukonza kuti mwana wachialubino aziyenda ndi anzake popita ndi pobwera. Angathenso kuumba njerwa zingapo kuti chimbudzi chimodzi chikhale ndi khomo lotakasuka lolowa njinga ya olumala. Mtsikana woyenda chokwawa akapeza kuti chimbudzi cha pa sukulu n'chonyowa pansi tsiku lililonse, amasiya sukulu, ndipo palibe amene amalemba chifukwa chenichenicho m'kaundula.

Ana amafunanso kuona ndi maso awo. Rachel Kachaje, amene adadwala poliyo ali wamng'ono, adakhala nduna ya boma mu 2013 akuyenda pa njinga ya olumala. Mu October 2021 anthu a ku Nkhotakota North East adasankha Overstone Kondowe, mtsogoleri wakale wa bungwe la anthu achialubino la APAM, kukhala phungu woyamba wachialubino m'mbiri ya dziko lino. Koma nduna ndi phungu ali kutali ndi mwana wa Sitandade 3. Pa 13 June, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira za chialubino kuyambira 2015, sukulu ingaitane munthu wamkulu wachialubino wa m'dera lomwelo, kaya ndi telala, kalipentala kapena mphunzitsi. Mlendoyo abwere ndi makina ake, asoke thumba la makope ana akuona, ndipo mafunso a tsikulo akhale a singano ndi mtengo wa nsalu. Za khungu, ana afunsa okha akafuna.

Nthawi yatithera. Achikulire amene adavina nyimbo za Alan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band akukumbukira kuti mwini banjo ija anali wosaona. Pulogalamu ya lero ikutsekedwa ndi banjo ina, ya Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino amene adayambira kuimba m'misewu ya Lilongwe ndipo mu 2019 adatulutsa chimbale chotchedwa Stomp on the Devil. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, nkhani idzakhala ya chinenero cha manja ndi mwana wosamva amene wapezeka m'kalasi la ana akumva. Tsalani bwino.

(Nyimbo ikwere)